Hoverboard

Hoverboard ndi chipangizo cha matayala awiri choyendera magetsi a batire, chomwe munthu mmodzi amakwerapo choimirira. Tayala lina limakhala kumanzere, lina kumanja, ndipo pakati pake pali malo awiri opondapo mapazi. Chilibe chiwongolero, mpando kapena mabuleki ogwira ndi manja. Wokwera amachiyendetsa ndi mapazi okha: akatsamira ku zala za kumapazi chimapita kutsogolo, akatsamira ku zidendene chimabwerera m'mbuyo, ndipo akapendeketsa phazi limodzi lokha chimakhota. Mkati mwake muli mamota awiri, batire la lithium-ion ndi kakompyuta kamene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti wokwerayo asagwe.

Chipangizochi chinatchuka kwambiri m'chaka cha 2015, makamaka ku United States, ku Britain ndi ku Australia, komwe ana ndi achinyamata ambiri ankachifuna ngati mphatso ya Khirisimasi. Chisangalalocho sichinakhalitse, chifukwa mahoverboard ambiri anayamba kuyaka moto, ena ali pa chaja, ena munthu ali pamwamba. Pofika pakati pa chaka cha 2016, makampani a ndege anali atakana kuwanyamula, masitolo akuluakulu anali atawachotsa pamsika, ndipo ku United States kokha oposa 500,000 anaitanitsidwa kuti abwezedwe kwa ogulitsa. Mbiri ya hoverboard imaonetsa zimene zimachitika chinthu chogulitsidwa ngati chidole chikakhala ndi mota komanso batire lamphamvu, n'kufalikira mofulumira malamulo ndi njira zoyezera chitetezo chake zisanakhazikitsidwe.

Dzina

M'Chingerezi, mawu akuti hoverboard amatanthauza thabwa loyandama m'malere osakhudza pansi. Dzinali silifotokoza bwino chipangizochi, popeza icho chimayenda pa matayala ngati njinga kapena ngolo. Linatchuka chifukwa cha filimu ya ku America ya mu 1989 yotchedwa Back to the Future Part II. Mufilimuyi mnyamata wina, yemwe mbali yake anasewera Michael J. Fox, amapezeka ali m'tsogolo, pa 21 Okutobala 2015, n'kuona ana akusewera pa matabwa opanda matayala oyandama pang'ono pamwamba pa nthaka. Chaka chenicheni cha 2015 chitakwana, chipangizo cha matayala awirichi chinali chitangofika m'masitolo, ndipo ogulitsa ndi ogula omwe anangochipatsa dzina la mufilimu lija. Mabungwe a boma ndi akatswiri amakonda dzina lakuti self-balancing scooter, kutanthauza chokwera chomwe chimadzichirikiza chokha. Ku Britain ena amachitcha swegway.

Matabwa oyandamadi anapangidwapo, koma onse amafuna malo apadera. Mu 2014 kampani ya Arx Pax ya ku California inaonetsa thabwa lotchedwa Hendo, lomwe limanyamuka ndi mphamvu ya maginito koma pokhapokha pansi pake payalidwe chitsulo chonga mkuwa. Mu 2015 kampani ya magalimoto ya Lexus inapanga lina loyenda pa bwalo lomwe analimangira mwapadera pafupi ndi mzinda wa Barcelona ku Spain, ndipo pansi pa bwalolo anakwiriramo maginito. Matabwa amenewa sanafike m'masitolo wamba.

Mbiri

Luso lochititsa kuti chokwera cha matayala awiri oyang'anizana chisagwe linayamba kudziwika ndi Segway, chipangizo chomwe katswiri wa ku America, Dean Kamen, anachionetsa koyamba mu Disembala 2001. Segway inali ndi matayala akuluakulu ndi mlongoti wa chogwirira chofika pachifuwa. Inali yolemera komanso yodula, pafupifupi madola 5,000, choncho amene ankaigwiritsa ntchito kwambiri anali apolisi, alonda ndi makampani oyendetsa alendo odzaona malo. Mu Epulo 2015 kampani ya Segway inagulidwa ndi kampani ya ku China ya Ninebot, ndipo Segway ya mtundu woyamba inasiya kupangidwa mu 2020.

Yemwe ali ndi chiphaso cha umwini wa luso la hoverboard ku United States ndi Shane Chen, katswiri wobadwira ku China yemwe anasamukira ku America n'kukhazikitsa kampani ya Inventist mumzinda wa Camas, m'chigawo cha Washington. Chen anali atapanga kale chokwera cha tayala limodzi chotchedwa Solowheel. Ganizo lake latsopano linali logawa thabwa pakati kuti mbali iliyonse izipendekeka payokha ndi kulamulira tayala lake, zomwe zinachititsa kuti chogwirira chisafunikenso. Anachitcha Hovertrax. Mu 2013 anapereka pempho la chiphaso cha umwini, ndipo chaka chomwecho anapempha anthu thandizo la ndalama pa webusaiti ya Kickstarter. Chiphasocho anachilandira mu 2014.

M'chaka chomwecho cha 2014, kampani ya Chic ya mumzinda wa Hangzhou ku China inatulutsa chipangizo chofanana nacho chotchedwa Smart S1, n'kukachionetsa pa chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair mumzinda wa Guangzhou. Kampaniyi nayo inapeza ziphaso za umwini ku China. Amalonda a m'mayiko ena anachiona, naitanitsa, ndipo posakhalitsa mafakitale ambirimbiri, makamaka a mumzinda wa Shenzhen ndi madera ozungulira, anayamba kupanga zawo.

Kufalikira kumeneku kunatheka chifukwa cha mmene mafakitale a m'derali amagwirira ntchito. Opanga mamota, opanga timabolodi ta magetsi, oumba zikuto za pulasitiki ndi ogulitsa mabatire onse ali moyandikana. Munthu wokhala ndi kanyumba kogwiriramo ntchito ndi antchito ochepa ankatha kugula zigawo zonsezi, kuzilumikiza, n'kumatapo dzina lililonse lomwe woitanitsa wa kunja akufuna. Motero mahoverboard a mayina osiyanasiyana kunja ankaoneka ofanana, pomwe mkati ubwino wa zipangizo zake unali wosiyana kutalitali. Kumayambiriro kwa 2015, mtundu wotchedwa IO Hawk unkagulitsidwa pafupifupi madola 1,800 ku United States. Chaka chisanathe, mitundu ina inkapezeka pa intaneti pa madola 300 kapena kucheperapo.

Anthu otchuka ndiwo anakoleza malondawa. Mu Meyi 2015 Jamie Foxx anakwera hoverboard pa pulogalamu ya wailesi yakanema ya Jimmy Fallon, ndipo oimba monga Justin Bieber anaika makanema awo ali pa chipangizochi pa Instagram. Mu Ogasiti 2015 woimba Wiz Khalifa anagwidwa ndi achitetezo pa bwalo la ndege la Los Angeles atakana kutsikapo, nkhani yomwe inamveka m'mayiko ambiri. Usiku wa pa 24 Disembala 2015, wansembe wina wa mpingo wa Katolika ku Philippines anayenda pa hoverboard m'tchalitchi akuimba nyimbo kumapeto kwa Misa. Kanema wake atafalikira, akuluakulu a dayosizi ya San Pablo anayamba amuimitsa ntchito.

Nkhani ya umwini inafika m'makhoti. Kumapeto kwa 2015 kampani ya Razor, yodziwika ndi zokwera za ana, inagula kwa Chen chilolezo chogulitsa Hovertrax, ndipo inasumira kampani ya Swagway. Nayo Segway inasumira Inventist, Razor ndi Swagway, ponena kuti onsewa akugwiritsa ntchito luso lake lodzichirikiza. Milanduyi inkayenda pang'onopang'ono pomwe katundu ankalowa m'madoko tsiku ndi tsiku. Mu 2016 Chen anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti sanapeze phindu lenileni pa chipangizo chomwe chinagulidwa ndi anthu miyandamiyanda.

Kapangidwe

Fupa la hoverboard ndi zitsulo ziwiri za aluminiyamu zolumikizidwa pakati ndi mpini wozungulira, kotero kuti mbali ya kumanzere ikhoza kupendekeka pomwe ya kumanja ili chilili. Pamwamba pake pamakutidwa ndi pulasitiki yolimba, ndipo popondapo pamakhala labala. Yonse imalemera makilogalamu 10 mpaka 13. Matayala ofala kwambiri ndi a mainchi 6.5, omwe ndi pafupifupi masentimita 16.5, a labala wosapopa. Palinso a mainchi 8 ndi a mainchi 10. Matayala ang'onoang'ono amayenda bwino pa simenti yosalala pokha, ndipo kamwala, mchenga kapena dzenje laling'ono zikhoza kuwaimitsa mwadzidzidzi.

Mota iliyonse ili mkati mwa tayala lenilenilo, choncho palibe tcheni, lamba kapena magiya. Pakati pa tayala pali mawaya amkuwa okulungidwa omwe sazungulira, ndipo m'mphepete mwake mwamatidwa maginito omwe amazungulira limodzi ndi tayala. Kakompyuta kamatumiza magetsi m'mawayawo mosinthanasinthana, ndipo maginito amakokedwa kutsatira kusinthako. Mota iliyonse imakhala ya mphamvu ya ma watt 250 mpaka 350. Mitundu yambiri imathamanga makilomita 10 mpaka 15 pa ola, ndipo ikadzadza batire imayenda makilomita 10 mpaka 20, malinga ndi kulemera kwa munthu ndi mmene malo alili.

Batire limakhala pansi pa phazi limodzi, ndipo bolodi lalikulu la magetsi limakhala pansi pa phazi linalo. M'mahoverboard ambiri, batireli ndi mtolo wa timabatire 20 ta mtundu wa 18650. Nambalayi ikuchokera pa kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. Timabatireti timalumikizidwa m'mizere iwiri ya khumikhumi, n'kupereka ma volt 36, omwe amafika 42 batire likadzadza. Mphamvu yosungidwa mmenemu imaposa ya batire la foni yamakono pafupifupi kakhumi. Kulidzadza kumatenga maola awiri kapena atatu.

Mmene imadzichirikizira

Munthu akaimika ndodo pachikhatho, ndodoyo imayamba kugwera mbali ina. Kuti isagwe, iye amathamangitsa dzanja kulowera komwe ikugwera, kuti tsinde lake likhalenso pansi pa nsonga. Hoverboard imachita chimodzimodzi, ndipo ndodoyo ndi wokwerayo. Akatsamira kutsogolo, kulemera kwa thupi lake kumakhala patsogolo pa matayala ndipo wayamba kugwa. Mamota amathamangitsa matayala kutsogolo kuti akhalenso pansi pake. Akapitiriza kutsamira, matayala amapitiriza kumulondola, ndipo uko ndiye kuyenda. Akatsamira m'mbuyo, mamota amakana kuzungulira ndipo liwiro limatsika, moti mabuleki a hoverboard ndi mamota omwewo.

Kuti zimenezi zitheke, pansi pa phazi lililonse pali kabolodi kokhala ndi tizipangizo tiwiri toyeza. Kena, kotchedwa gyroscope, kamayeza liwiro lomwe thabwa likupendekekera. Kena, kotchedwa accelerometer, kamathandiza kudziwa komwe kuli pansi potsatira mphamvu yokoka ya dziko. Kakompyuta kamaphatikiza miyeso iwiriyi kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kuwerengera mphamvu yoti mota ilandire. Mkati mwa mota mulinso tizipangizo tina touza kakompyutako pomwe maginito afika ndi liwiro la tayala. Popeza mbali iliyonse imalamulira tayala lake, phazi lamanja likatsamira kwambiri kuposa lamanzere, tayala lamanja limathamanga kuposa linzake ndipo hoverboard imakhotera kumanzere. Phazi lina likatsamira kutsogolo lina m'mbuyo, imazungulira pamalo amodzi.

Pansi pa labala wopondapo pali masiwichi odziwitsa chipangizochi kuti pakwera munthu. M'mitundu yambiri, phazi likaponda, kachidutswa ka labala kamatsika n'kutchinga kuwala kosaoneka ndi maso komwe kamadutsa pakati pa tizipangizo tiwiri. Mwana wopepuka kwambiri satha kukankha kachidutswako mokwanira, ndipo mamota amangoyaka ndi kuzima, thabwa n'kumanjenjemera. N'chifukwa chake opanga ambiri amalemba kuti wokwera asachepere makilogalamu 20, ndipo asapitirire makilogalamu 100 kapena 120.

Njira imeneyi ili ndi malire. Kuti matayala amugwire munthu yemwe akugwa, mamota ayenera kukhala ndi mphamvu yotsala. Hoverboard ikafika pa liwiro lake lomaliza, ikamakwera chitunda, kapena batire likatsala pang'ono kutha, mphamvu yotsalayo imachepa. Mitundu yambiri imalira kapena kutukula kutsogolo kwa thabwa pochenjeza wokwera. Akanyalanyaza, kapena magetsi akaduka mwadzidzidzi, palibenso chomugwira ndipo amagwa chafufumimba. Njinga ikatha mphamvu imapitirira ndi liwiro lomwe inali nalo, koma hoverboard ikazima imasiya kuima.

Vuto la moto

Kabatire ka lithium-ion kali ndi timapepala tiwiri tachitsulo topakidwa mankhwala, tokulungidwa pamodzi ngati mphasa. Pakati pake pali kapulasitiki kopyapyala kwambiri kotchinga kuti tisakhudzane, ndipo zonsezi zimanyowetsedwa ndi madzi a mankhwala osachedwa kuyaka. Kapulasitikiko kakabooka, magetsi amadutsa mwachidule mkati momwemo ndipo kabatire kamatentha. Kutenthako kumayambitsa kusintha kwa mankhwala komwe kumatulutsa kutentha kwinanso, mpaka kabatire kamaphulika n'kutulutsa mpweya woyaka. Popeza timabatire 20 tili mothinana, kamodzi kakayaka kamayatsa tinzake motsatizana. Moto wotere umabuka mofulumira, umatulutsa utsi wapoizoni, ndipo ukhoza kuyambiranso utaoneka ngati wazima.

Zinthu zitatu ndi zomwe zimaboola kapulasitiki kaja kawirikawiri: tizidutswa tachitsulo totsalira mkati pa nthawi yopanga, kumenyetsedwa, ndi kutchaja mopitirira muyeso. Hoverboard inali pa chiopsezo cha zonse zitatu. Batire lake lili pafupi ndi nthaka ndipo limagwedezeka nthawi iliyonse tayala likagunda chinthu kapena thabwa likagubuduzika wokwera atagwa. Pofuna kutsitsa mtengo, opanga ena ankagula timabatire ta m'mafakitale osayeza bwino katundu wawo, ndipo tina tinkamatidwa mayina abodza a makampani odziwika monga Samsung ndi LG. Batire labwino limakhala ndi kabolodi koyang'anira mzere uliwonse ndi kudula magetsi likadzadza kapena likatentha, koma m'mahoverboard otchipa kabolodika kanali kofooka. Machaja ena sankasiya kupereka magetsi batire litadzadza. Ku Britain oyendera katundu anapezanso mapulagi opanda fyuzi.

Kumayambiriro kwa Disembala 2015, bungwe la National Trading Standards la ku Britain linalengeza kuti mwa mahoverboard oposa 17,000 omwe anayenderedwa m'madoko ndi m'mabwalo a ndege kuyambira pakati pa Okutobala, oposa 15,000 anapezeka osatetezeka ndipo analandidwa. Mwezi womwewo kampani ya Amazon inachotsa mitundu yambiri pa webusaiti yake, ndipo makampani a ndege a Delta, United ndi American anakana kuwanyamula, kaya m'manja kaya m'katundu wopita kunsi kwa ndege. Makampani ambiri a ndege a m'mayiko ena anachitanso chimodzimodzi. Mu Januwale 2016 nyumba ina inapsa mumzinda wa Melbourne ku Australia chifukwa cha hoverboard yomwe inali pa chaja, ndipo mu Malichi boma la dzikolo linaletsa kugulitsa mitundu yosakwaniritsa mfundo za chitetezo.

Ku United States, bungwe la boma loteteza ogula la Consumer Product Safety Commission linanena mu Febuluwale 2016 kuti kuyambira pa 1 Disembala 2015 linali litalandira malipoti a moto 52 m'zigawo 24 za dzikolo, ndipo katundu woposa madola 2 miliyoni anali atawonongeka. Pa 6 Julayi 2016 linalengeza kuti mahoverboard pafupifupi 501,000 abwezedwe. Oposa theka mwa amenewa, okwana 267,000, anali a mtundu wa Swagway X1.

Ngozi zina zinapha anthu. Mu Malichi 2017 moto woyambira pa hoverboard yomwe inali pa chaja unapha ana awiri aakazi mumzinda wa Harrisburg ku Pennsylvania. Mu Epulo 2022 ana ena awiri apachibale anafa pa moto wa m'nyumba ku Hellertown, m'chigawo chomwecho, ndipo mu Malichi 2023 mahoverboard pafupifupi 53,000 a mtundu wa Jetson Rogue anaitanitsidwa kuti abwezedwe.

Muyeso wa UL 2272

Pamene mahoverboard ankafika pamsika, panalibe muyeso wovomerezeka woyezera chipangizo chonsecho. Wogulitsa ankatha kuonetsa chizindikiro chakuti chaja kapena kabatire kanayezedwa, pomwe mmene zigawozo zalumikizidwira palibe anayeza. Mu Febuluwale 2016 bungwe la UL la ku United States, lomwe limayeza zipangizo za magetsi, linatulutsa muyeso wotchedwa UL 2272. Pa muyesowu, batire, chaja, mamota ndi mawaya zimayezedwa pamodzi. Chipangizocho chimatchajidwa mopitirira, chimachititsidwa shoti dala, chimagwetsedwa, chimagwedezedwa, chimathiridwa madzi, chimaikidwa potentha ndi pozizira, ndipo matayala ake amagwiridwa kuti asazungulire mota ikuyesetsa, kuti aone ngati chingayake. Chipangizo choyamba kupambana mayesowa chinali cha Ninebot, mu Meyi 2016.

Muyesowu umangoona za magetsi ndi moto. Sunena kuti wokwera sangagwe. Pambuyo pake anaukulitsa kuti ukhudzenso zokwera zina zazing'ono zoyendera batire. Dziko la Singapore linalamula kuti kuyambira pa 1 Julayi 2020 zokwera zotere zopanda UL 2272 zisayende m'njira za anthu onse, ndipo mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo mu 2023 loletsa kugulitsa zomwe sizinayezedwe.

Kugwa ndi kuvulala

Ngakhale moto ndi umene unamveka kwambiri m'nyuzi, anthu ochuluka anavulala chifukwa cha kugwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics anayerekeza kuti m'zaka za 2015 ndi 2016, ana pafupifupi 27,000 ku United States anapita kuchipatala mwadzidzidzi atavulala pa hoverboard. Chovulala chofala kwambiri chinali kuthyoka fupa, makamaka la pamkono pafupi ndi dzanja, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja. Ambiri anavulalira pakhomo. Oyamba kumene amagwa kawirikawiri pokwera ndi potsika, pamene phazi limodzi lokha lili pa thabwa ndipo tayala la mbali imeneyo layamba kuzungulira. Ana ena amapanikizidwa zala pakati pa tayala ndi chikuto akamanyamula chipangizochi chili choyaka. Pamsewu ngozi imakula: mu Disembala 2015 mnyamata wa zaka 15 anafa atagundidwa ndi basi ku London ali pa hoverboard.

Malamulo

Mayiko ambiri anavutika kusankha gulu loikamo hoverboard. Ili ndi mota ngati galimoto, koma ilibe mabuleki apadera, magalasi oonera m'mbuyo kapena zizindikiro zokhotera, choncho singalembetsedwe ngati galimoto. Komanso imathamanga kuposa munthu woyenda pansi.

Ku England ndi ku Wales, akuluakulu ozenga milandu anafotokoza mu Okutobala 2015 kuti n'kulakwa kuyenda pa hoverboard m'njira za oyenda pansi za m'mbali mwa msewu. Lamulo lomwe anagwiritsa ntchito ndi gawo 72 la Highway Act la 1835, lomwe linalembedwa poletsa anthu kuyendetsa akavalo, ziweto ndi ngolo m'njira zimenezi. Pamsewu napo saloledwa, kotero malo okha ololedwa ndi a mwini, mwiniwakeyo atavomera. Ku Germany, lamulo la 2019 lololeza zokwera zazing'ono zamagetsi limafuna kuti zikhale ndi chogwirira, ndiye hoverboard inatsala kunja. Ku France lamulo la 2019 linazilola pa liwiro losapitirira makilomita 25 pa ola, ndipo mu 2023 zaka zoyambira kukwera anazikweza kuchoka pa 12 kufika pa 14. Ku California, lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2016 limalola a zaka 16 kapena kuposerapo kuyenda m'njira za njinga atavala chisoti choteteza mutu, pa liwiro losapitirira makilomita 24 pa ola. Mumzinda wa New York, bungwe loyendetsa sitima ndi mabasi linaletsa kulowa ndi hoverboard mu Januwale 2016.

Kasamalidwe

Mabungwe ozimitsa moto ndi oteteza ogula amapereka malangizo ofanana. Hoverboard isasiyidwe pa chaja usiku anthu akugona kapena pakhomo popanda munthu, ndipo ikadzadza chaja chizichotsedwa. Izitchajidwa ndi chaja chomwe inabwera nacho, pa malo olimba monga simenti, kutali ndi makatani, mipando ya thonje ndi mabedi. Isamatchajidwire pakhomo lotulukira kapena m'kanjira ka m'nyumba, chifukwa moto ukabuka umatseka pothawira. Ikangochoka koyenda, iyambe yazizira isanalumikizidwe ku magetsi. Batire likatupa, likamatentha kwambiri, likamatulutsa fungo kapena phokoso lachilendo, chipangizocho chisagwiritsidwenso ntchito, ndipo batire lotere silitayidwa m'dzala kapena kuwotchedwa ndi zinyalala. Wokwera avale chisoti ndi zoteteza manja, zigongono ndi mawondo, ndipo potsika aziponda kumbuyo, osati kutsogolo.

Pambuyo pa 2016

Kutchuka kwa hoverboard kunatsika msanga, koma chipangizochi sichinathe. Chinasiya kukhala chodzionetsera cha anthu otchuka n'kukhala chidole cha ana chopezeka m'masitolo wamba pa mtengo wotsika. Mitundu yatsopano ili ndi nyali za mitundumitundu, masipika olumikizidwa ku foni, komanso njira yochepetsera liwiro kwa ophunzira. Palinso kampando ka chitsulo kokhala ndi tayala lachitatu ndi zogwirira ziwiri, komwe kamamangiriridwa pa hoverboard n'kuisandutsa kagalimoto kokhalapo.

Mahoverboard akale apezanso ntchito ina. Popeza anapangidwa ochuluka, mamota ake amapezeka motchipa, ndipo ophunzira ndi okonda zopangapanga amawachotsa n'kupangira maloboti, ngolo zonyamulira katundu ndi timagalimoto ta ana. Ena analemba mapulogalamu atsopano a kakompyuta ka mkati n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense atenge mwaulere.

Kuyambira mu 2017, masikuta amagetsi okhala ndi chogwirira anayamba kubwerekedwa m'misewu ya mizinda ya ku America, kuyambira ku Santa Monica, ndipo kenako ku Ulaya. Iwo, pamodzi ndi njinga zamagetsi, amagwiritsa ntchito mota ya mkati mwa tayala ndi mitolo ya timabatire ta lithium-ion yofanana ndi ya hoverboard. Mafunso omwe anabuka mu 2015, onena za ubwino wa mabatire, machaja osayenera, malo otchajira m'nyumba ndi njira zomwe zokwerazi ziyenera kudutsamo, ndi omwewo omwe maboma ndi ozimitsa moto akulimbana nawo pa zipangizo zatsopanozi.